Masiku anayi mu Cairo, kulondola kumene olamulira ankasamukira

Tinanyamuka ku Lilongwe tili aphunzitsi 12 a m'masukulu a sekondale, ambirife ophunzitsa mbiri ndi jogalafe. Tinadzera ku Addis Ababa n'kukatera ku Cairo m'bandakucha. Kunyumba aliyense ankangofunsa za mapiramidi. Tinakawaona ndithu, zithunzi zilipo. Koma chimene chinandikhala m'mutu masiku onse anayi n'china: mumzinda umenewu, wotenga ufumu aliyense ankayamba wasamuka kaye.

Tsiku loyamba anatitengera ku Fustat, kum'mwera kwa mzinda, pamene Amr ibn al-As anamanga msasa wa asilikali achiarabu cha m'ma 641. Likulu la dziko la Egypt nthawi imeneyo linali Alexandria, kugombe la nyanja, mzinda wokhala ndi nyumba zachifumu kale. Wotiperekeza wathu, bambo achikulire ofatsa, anati nkhani yakale imanena kuti Khalifa Umar, mtsogoleri wa Asilamu, ali ku Medina anakana zoti pakati pa iye ndi asilikali ake pakhale madzi. Ankafuna kuti mthenga wa pa ngamila akawapeze osapempha bwato. N'chifukwa chake msasawo unamangidwa tsidya lakum'mawa la Nile, mbali yoyang'ana kwawo.

Kuyambira pamenepo ndi msamuko wokhawokha. Obwera pambuyo ankasunthira chakumpoto pang'ono n'kumanga pawo. Ahmad ibn Tulun anamanga al-Qata'i, ndipo mzikiti wake wa mu 879 udakalipo. Tinakwera nsanja yake ya masitepe ozungulira kunja. Mu 969 mkulu wa asilikali Jawhar anayala maziko a al-Qahira, dzina limene linadzakhala Cairo. Sunali mzinda wa aliyense. Unali mpanda wa Khalifa wa banja la Fatimid, asilikali ake ndi nduna zake, pomwe amalonda ndi amisiri ankakhalabe ku Fustat. Pa chipata chotchedwa Bab Zuweila lero pali phokoso la ogulitsa nsalu, koma m'pamene Tumanbay, mfumu yomaliza ya a Mamluk (asilikali amene anayamba ngati akapolo n'kudzalamulira dzikolo), anapachikidwa mu 1517 kuti mzinda wonse uone kuti zinthu zasintha.

Kumene ndinamvetsa nkhaniyi ndi miyendo yanga ndi ku Citadel, linga limene mfumu Salah al-Din anayamba kumanga mu 1176 pa msana wa phiri la Muqattam. Mayi mmodzi wa m'gulu lathu, amene amavutika mawondo, anaima katatu tisanafike pamwamba. Atapuma anati, "Aphunzitsi, munthu wodzadandaula kwa mfumu kuno ankafika mkwiyo utatha kale." Tinaseka, koma anali atalasa. Ukaima pa khonde la pamwambapo mzinda wonse uli kunsi kwa mapazi ako, misika, mizikiti, mtsinje, mpaka mapiramidi kutsidya ngati kulibe fumbi. Wa pansi saona chilichonse cha m'katimo kupatula khoma. Anakumbanso chitsime m'thanthwe, chakuya mamita oposa 80, kuti adani kapena eni mzinda omwe akazinga lingalo, a m'kati asafe ndi ludzu. Egypt analamulidwa kuchokera pa phiri limeneli zaka pafupifupi 700.

Anatisonyezanso kanjira kopanikiza kotsikira ku chipata cha Bab al-Azab. Mu 1811 Muhammad Ali, wolamulira Egypt panthawiyo, anaitanira akuluakulu a Mamluk ku phwando, ndipo potuluka anawatsekera m'kanjirako n'kuwawombera kuchokera pamwamba pa makoma. Ine ndakhala ndikuphunzitsa nkhani zotere ngati nkhani za kuchenjera kwa munthu mmodzi. Nditaona kupapatiza kwa malowo ndinazindikira kuti theka la ntchito linagwiridwa ndi miyala.

Wolamulira amene anatsika phiri ndi Khedive Ismail, yemwe anasamukira ku nyumba yachifumu ya Abdeen mu 1874 atamanga dera latsopano la misewu yotakata ngati ya ku Paris. Bwalo lalikulu la m'deralo linkatchedwa ndi dzina lake. Lero ndi Tahrir. Kutsika kumeneku kunali ndi mtengo wake. Misewu yambiri imakumana pa bwalolo, milatho ya pa Nile ili pafupi, maofesi aboma anali chapomwepo. Mu 2011 khamu la anthu linakhala pamenepo masiku 18, kuyambira pa 25 Januwale mpaka Purezidenti Hosni Mubarak atatula pansi udindo pa 11 Febuluwale. Ifenso kumudzi timadziwa kuti bwalo ndi la mfumu, koma likadzaza anthu mfumu imayankhula mosamala. Lero pakati pa Tahrir anaimikapo chipilala chakale cha Ramses II, ndipo wotiperekeza anatipempha mwaulemu kuti tizingoyang'ana tili m'basi.

Tsiku lomaliza tinapita ku likulu latsopano, limene boma linalengeza mu 2015, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa, m'chipululu. Kuli maunduna, nyumba ya malamulo, ndi nsanja imene akuti ndi yaitali kuposa nyumba ina iliyonse mu Africa. Purezidenti Abdel Fattah el-Sisi analumbirira kumeneko mu 2024. Misewu yake ndi yotakata moti kuwoloka wapansi ndi ulendo pawokha, ndipo oyenda pansi amene tinawaona ambiri anali ogwira ntchito yomanga.

Pobwerera m'basi munabuka mkangano. Mkulu wa gulu lathu ankati tisamaone chiwembu paliponse: Cairo ndi madera ake muli anthu oposa 20 miliyoni, Aiguputo pafupifupi onse anapanikizana m'mbali mwa Nile pomwe dziko lotsala ndi mchenga, ndiye boma likanapita kuti? Zoona zimenezo, ndipo aliyense amene wakhala maola awiri pa mzere wa magalimoto a mu Cairo sangatsutse. Bambo wina wa ku Zomba anakumbutsa za 1975, likulu lathu litapita ku Lilongwe. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chotukula chigawo chapakati ndi kumpoto, koma anthu ankanong'ona kuti ndi kufupi ndi kwawo kwa Kamuzu, ndipo nyumba ya malamulo inatsalira ku Zomba mpaka 1994. Ine ndinati zifukwa ziwiri zitha kukwera basi imodzi. Kuchepetsa kuthithikana n'koona, komanso makilomita 45 a mchenga ndi phiri la Muqattam logonekedwa pansi: khamu silingayende wapansi kukafika pa khomo la nduna.

Tinafunsa dalaivala wathu ngati adzasamukire kumeneko. Anaseka, n'kupekesa chala chachikulu ndi chamkombaphala, chizindikiro cha ndalama chimene sichifuna womasulira. Mkangano wathu unatha wokha titalowa mu mzere wa magalimoto, chifukwa ambiri anagona. Mapu asanu a mzindawo amene tinagula ndi ndalama za gulu ali kwa msungichuma, ndipo ofuna kuwagwiritsa ntchito m'kalasi ya Fomu 3 alembetse kwa iwo teremu isanayambe.