Ndinapita ku Joni ndi udzudzu m'chitenje

Anthu akamapita ku Joni amanyamula mpunga wa kilombero, usipa, ena mpaka ufa. Ine ndinanyamula hard drive, nditaikulunga m'chitenje cha amayi ngati khanda. Munali ma terabyte 4, data ya DNA ya udzudzu wofalitsa malungo, yoti anzathu a ku yunivesite ya Wits atithandize kuiunika. Muti bwanji osangotumiza pa intaneti? Tinawerengetsa aise, pa liwiro la ma megabit 10 pa sekondi ndi masiku 37, komanso magetsi asathimeko ngakhale kamodzi, nanga kwathu kuja zingatheke zimenezo? Pa basi ndi masiku awiri.

Mwanza, Tete ndi kutentha kwake kuja, Nyamapanda, kenako mzere wa pa Beitbridge woti munthu mpaka umaiwala dzina lako. Chikwama chili pamiyendo njira yonse, kuchimbudzi komwe ndimapita nacho. Achimwene atandichingamira pa Park Station anangoti, "Iwe mpunga wanga uli kuti, wabwera ndi udzudzu basi?" kkkk

Mawa lake ndili ku Braamfontein komwe kuli Wits, akundiuza zoti data ija ikufunika ipite ku Cape Town, ku makompyuta akuluakulu a CHPC, malo a boma othandiza akafukufuku kuunika data yochuluka. Mtima unangoti phwii, ndimvekere basi inanso, makilomita 1,400? Mkulu wina wa ku IT anangoseka. Mayunivesite akuno ali ndi netiweki yawoyawo ya fayiba, SANReN, yomwe bungwe la boma la sayansi la CSIR linamangira za kafukufuku ndi maphunziro. Ndiye chomwe chinandigwira mtima ndi ichi, liwiro lokha silokwanira, amaika seva yapadera yoti ntchito yake ndi kutumiza data basi, ili pambali kuti isamapanikizane pa firewall, chipata chachitetezo cha netiweki, ndi ma imelo komanso YouTube ya ana asukulu. Pulogalamu yake ndi Globus, yochokera ku Chicago. Netiweki ikaduka siyambiranso poyamba, imapitiriza pomwe inalekezera, ikamaliza n'kuonanso ngati fayilo iliyonse yafika yathunthu. Amene munaonapo download ikufa pa 97% mukundimva.

Pa liwiro la ma gigabit 10 pa sekondi ma terabyte 4 aja ndi nkhani ya ola limodzi. Chinachedwetsa zinthu ndi hard drive yanga yomwe ija, kuikopera mu seva yawo kunatenga tsiku lonse mpaka tinaisiya tikuweruka. Koma za ku Cape Town tinadina m'mawa, tisanapite kukadya pap masana zinali zitafika kale. Manyazi ndinali nawo pang'ono ndithu.

Chondidabwitsa, UbuntuNet Alliance yomwe imalumikiza manetiweki oterewa kuno kummwera ndi kummawa kwa Africa ili ndi ofesi ku Lilongwe konkuja, ndipo ife tili ndi yathu, MAREN. Ndikafika ndikafunsa abwana ngati labu yathu ingalumikizidweko.

Ndinyamuka Lachisanu. Achimwene andipatsira mabulangete awiri a amayi ndi ketulo, hard drive yabwerera m'chitenje momwe muja.