Lachinayi: Kalasi, Msonkhano ndi Bwinja la Wharram Percy

Ndatuluka m'nyumba kunja kusanayere bwino. Mwezi wa Okutobala kuno kumpoto kwa England dzuwa limachedwa kutuluka, ndipo mvula ya usiku inasiya masamba onyowa ali mbwee mumsewu. Ku ofesi ndafika nthawi idakalipo, ndamwa tiyi, ndasindikiza mapepala a kalasi ya 9 koloko.

Ndimaphunzitsa pa yunivesite mbiri ya England ya pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1500. Abale kwathu akamva zimenezi amandifunsa za mafumu ndi nkhondo, koma ine mtima wanga uli pa alimi wamba, anthu amene ankagwira pulawo ndi kuweta nkhumba, amene palibe anawamangira chipilala.

Lero tinali pa mipukutu ya bwalo la milandu la ku Wakefield. Mipukutuyi imayambira mu 1274 n'kumapitirira mpaka 1925, ndipo yakale kwambiri inalembedwa pa zikopa, m'Chilatini chodulidwadulidwa. Silinali bwalo la mfumu ya dziko ayi, linali la mwini malo, loweruza anthu okhala pa nthaka yake. Milandu yake aliyense wokulira kumudzi angaizindikire: nkhumba zalowa m'munda wa mnzake, wina watola nkhuni m'nkhalango ya bwana popanda chilolezo, awiri akanganirana malire, wina sanabweze ngongole. Koma muli zinanso zolemera. Mlimi amene sanali mfulu akafuna kukwatitsa mwana wake wamkazi ankayamba walipira kwa mwini malo, ndipo akamwalira mwini malo ankabwera kudzatenga chiweto chabwino koposa m'khola, anamfedwa misozi isanaume.

Muli mtsikana wina m'kalasimu amene amakhala kumbuyo, wosayankhulayankhula. Lero anakhala nthawi yaitali ataweramira chithunzi cha mpukutu, chala chili pa mzere umodzi. Alembi a nthawi imeneyo sankamaliza mawu. Kamzere kopingasa pamwamba kamasonyeza kuti zilembo zina zasiyidwa, ndipo kuti uzolowere pamafunika maso ndi kupirira. Mwadzidzidzi anadzutsa mutu. "Aphunzitsi, mayi uyu ndi yemwe uja wa pa tsamba loyamba. Amulipitsanso chifukwa cha mowa." Ndinamuuza kuti amutsatire mpaka kumapeto. Amayi ofulula mowa ankalipitsidwa timapeni tochepa mobwerezabwereza, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti chindapusa chimenechi chinkagwira ntchito ngati laisensi: ulipire, upitirize geni yako. Ndiye kuti amene mtsikanayu wamupeza si chigawenga, ndi mayi wabizinesi amene ankadyetsa banja ndi mbiya zake zaka 700 zapitazo. Nkhope ya mtsikanayo inawala. Ine ndinasangalala naye, komabe ndinawakumbutsa onse chinthu chimene chimandivutitsa nthawi zonse: dzina la mayiyu tikulidziwa chifukwa panali munthu amene ankafuna ndalama kwa iye. Osauka a nthawi imeneyo ankalembedwa pa msonkho, pa lendi ndi pa chindapusa. Amene sanalakwe kanthu ndiponso analibe cholandidwa, ambiri anapita osasiya ngakhale dzina.

Masana kunali msonkhano wa aphunzitsi, nkhani yake ndalama. Kuyambira 2017 fizi ya ophunzira a m'dziko muno inaima pa £9,250 pachaka, ndipo mu 2025 inangosuntha pang'ono kufika pa £9,535, pamene magetsi, malipiro ndi zina zonse zakhala zikukwera. Mayunivesite ankakwirira dzenjeli ndi fizi ya ophunzira ochokera kunja, koma kuyambira Januwale 2024 boma linaletsa ambiri mwa iwo kubwera ndi mabanja awo, ndipo obwera achepa. M'dziko lonse lino aphunzitsi akuchotsedwa ntchito, maphunziro akutsekedwa. Pa yunivesite yathu diso lagwera pa makalasi ang'onoang'ono, ndipo laling'ono kuposa onse ndi la Chilatini ndi kawerengedwe ka zolemba zakale. Ndinaimirira n'kunena zimene ndinaona m'mawa. Ndinati tikatseka kalasi imeneyi, pakatha zaka makumi awiri mipukutu idzakhala ili bwinobwino m'mabokosi, chinyezi ndi kutentha zikuyezedwa tsiku ndi tsiku, koma woiwerenga adzasowa. Anandimvera mwaulemu. Chigamulo chidzabwera mwezi wamawa.

Ndinatuluka mumsonkhano mtima uli m'mwamba, ndipo ndikuthokoza kuti madzulo ano ndinali nditalonjeza kale kuperekeza kagulu ka anthu okonda mbiri ya dera lawo ku Wharram Percy. Ambiri ndi opuma pantchito: anamwino, aphunzitsi a pulayimale, bambo wina amene anagwira ntchito ya njanji, ndi agogo ena aamuna amene aweta nkhosa moyo wawo wonse. Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri. Salipidwa, safuna digiri, koma amadziwa dzina la munda uliwonse m'dera lawo, ndipo kawirikawiri amandiwongolera.

Tinadutsa tauni ya Malton n'kukwera zitunda za choko za Yorkshire Wolds. Galimoto imasiyidwa pamtunda, kenako pamakhala ulendo wapansi wopitirira kilomita imodzi, kutsika kanjira kamatope, kuwoloka pamene pankadutsa njanji yakale ya Malton ndi Driffield. Ukafika, poyamba umaona ngati palibe chilichonse, udzu wokhawokha ndi tchalitchi chopanda denga m'chigwa. Uyenera kuima, maso azolowere. Pamenepo timizere timayamba kuoneka mu udzu: apa chitunda chamakona anayi pamene panali khoma la nyumba, apa pakhomo, kuseri kwake kadimba ka banja, ndipo pakati pa nyumbazo ngalande yotakata imene inali msewu, yokumbika ndi mapazi a anthu ndi ng'ombe kwa zaka mazanamazana. Dzuwa la madzulo likapendekeka, mthunzi umajambula mudzi wonse. Mayi wina wa m'gulumo anaima pakati pa chitunda chimodzi, natambasula manja kuyeza m'lifupi mwake, n'kunena chapansipansi kuti khitchini yake yokha ikuposa pamenepa.

Ku England kuli mabwinja a midzi yotereyi pafupifupi 3,000, koma ili ndilo lodziwika kwambiri chifukwa cha Maurice Beresford ndi John Hurst, amene anatsogolera ntchito yofukula pano chilimwe chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1990. Iwo asanabwere, akatswiri ambiri a mbiri sankalabadira nyumba za alimi. Awiriwa, pamodzi ndi anthu ambirimbiri ongodzipereka, anagwada pansi ndi timakasu tating'ono kufufuza mmene munthu wamba ankagonera, chimene ankadya, ndi pamene ankasonkha moto.

Aliyense wobwera kuno koyamba amaganiza kuti mudziwu unatha ndi mliri waukulu wa 1349. Ndinawafunsa a m'gulumo ndipo theka linayankha chomwecho. Mliriwo unafikadi, anthu anafa, koma mudzi sunafe. Mu 1368 nyumba pafupifupi 30 zinali zidakali ndi anthu. Chimene chinaumaliza chinabwera pang'onopang'ono m'zaka zoposa zana zotsatira. Mudzi unachoka m'manja mwa banja la a Percy n'kupita kwa a Hilton, amene ankakhala kutali, kufupi ndi Sunderland. Malonda a nsalu anali kukula, ubweya wa nkhosa unayamba kupindulitsa kuposa tirigu ndi balere, ndipo nkhosa zambirimbiri zimangofuna m'busa mmodzi ndi galu, osati mabanja makumi atatu. Kafukufuku amene boma linachita mu 1517 analemba kuti cha m'ma 1500 mabanja anayi anachotsedwa pano, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Patangopita zaka zochepa, minda yonse inasanduka busa. Mlembi wina wa ku England, Thomas More, ankanena zomwezi mu 1516 pamene analemba za nkhosa zodya anthu. Nditatchula zimenezi, agogo oweta nkhosa aja anapukusa mutu, atatsamira ndodo yawo. "Mayi, nkhosa musazinamizire. Nkhosa imadya udzu. Amene anachotsa anthu pano ndi munthu, atakhala patebulo ndi cholembera." Ndinawavomereza ndi mtima wonse.

Tinatsikira ku tchalitchi cha St Martin. Chinakhalabe chikugwira ntchito zaka mazana anayi mudzi utatha, chifukwa anthu a m'mafamu ozungulira ankabwerabe kudzapemphera ndi kudzaika maliro. Mbali ina ya nsanja yake inagwa mu 1959, ndipo lero ili chiimire yong'ambika pakati. M'manda a pano anafukula mafupa a anthu 687, ndipo kwa ine mafupa amenewa ndi amene amalankhula zimene mipukutu imasiya. Amasonyeza kuti ana ankayamwa mpaka cha pa miyezi 18, ndipo akasiya bere kukula kwawo kunkabwerera m'mbuyo chifukwa cha chakudya chosakwanira ndi matenda. Mwana wazaka 14 ankalingana msinkhu ndi wazaka 10 wa masiku ano. Mayi amene anali namwino uja anangoti, "Kupinimbira kumeneko." Anakudziwa, chifukwa anakuonapo ndi maso.

Palinso mafupa ena 137, a anthu osachepera khumi, amene anapezeka m'dzenje kutali ndi manda. Ali ndi zipsera za mpeni, ena anawotchedwa, ena anathyoledwa munthu atafa kale. Akatswiri amene anafalitsa zotsatira zake mu 2017 amaganiza kuti anthu a m'mudzimu ankachita zimenezi poopa kuti akufawo angadzuke n'kumavutitsa amoyo. Gulu lonse linakhala chete. Ine sindinawaone ngati anthu ankhanza. Ndinaona anthu amantha, okhala m'chigwa chamdima, amene ana awo ankafa popanda wowafotokozera chifukwa.

Pokwera chitunda pobwerera, maganizo anandifikitsa ku Thyolo. Ndili mwana, agogo anga aakazi ankandilozera kamsitu kotsala pakati pa minda ya tiyi, n'kundiuza kuti pamenepo ndi pamanda, ndipo mudzi unali chapafupi. Ankakamba za thangata, mmene munthu ankagwirira ntchito kwa mwini esiteti kuti aloledwe kukhala pa nthaka imene ankalima. Nkhani ziwirizi si chimodzimodzi: kwathu kunali utsamunda, kunali kusankhana khungu, ndipo zinachitika dzulodzuloli, anthu ozikumbukira adakalipo. Koma funso la mwini nthaka ndi wolima nthaka ndi lomwelo, ndipo ndikudziwa kuti ndi kamsitu kaja kamene kanandiphunzitsa kuona mudzi pamene ena akuona udzu. Chimene chimandipweteka n'chakuti Wharram Percy inapatsidwa zaka 40 za kufukula ndi mabuku ambirimbiri, pamene mabwinja athu ambiri akungodalira agogo amene akutha mmodzimmodzi. Wachinyamata aliyense amene ali ndi foni ndi agogo amoyo angathe kuyamba lero: awafunse dzina la mudzi wakale, mayina a mabanja, chaka chimene anasamuka, ndi amene anawauza kuti asamuke.

Pamtunda tinatsegula mafulasiki, tinagawana masikono, mphepo ikulasa m'makutu. Bambo wa njanji uja anandionetsa chithunzi cha chikalata chakale cha munda wina wa m'mudzi mwawo, chimene wakhala akulimbana nacho kwa nthawi yaitali. Mawu ena anawawerenga molondola, podziphunzitsa yekha. Anandifunsa ngati kuli kumene munthu wamsinkhu wake angaphunzire zilembo zimenezi bwinobwino.

M'galimoto pobwerera pa wailesi ankakambanso za nsalu ya Bayeux, ija yaitali pafupifupi mamita 70 yosonyeza mmene William wa ku Normandy analandira England mu 1066. Mu Julayi 2025 France inavomera kuibwereketsa ku British Museum kuyambira Seputembala 2026, ndipo ku France anthu ambiri, kuphatikizapo akatswiri osamalira zinthu zakale, akudandaula kuti nsaluyo ndi yofooka, singapirire ulendo. Nkhawa yawo ndikuimvetsa, ndipo ndikufuna imvedwe. Ikabwera ndidzapita ndi ophunzira anga, koma ndidzawauza kuti nsaluyo imathera pa nkhondo ya Hastings. Sisonyeza zimene William anachita kuno kumpoto mu 1069 ndi 1070, pamene asilikali ake anatentha midzi, mbewu ndi nkhokwe, anthu n'kufa ndi njala, moti kalembera wa Domesday wa 1086 analemba malo ambiri a ku Yorkshire kuti ndi abwinja. Ndidzawatengera pa kachigawo kamodzi kamene ambiri amakadutsa: amuna awiri akuyatsa nyumba, mayi akutuluka atagwira mwana padzanja. Mafumu ndi akuluakulu pansalupo ali ndi mayina osokedwa pamwamba pawo. Mayiyu alibe.

Ndafika kunyumba kutada, nsapato zili matope okhaokha. Ndaphika nsima ya ufa umene ndinagula ku sitolo ya zakudya za ku Africa, ndadya ndi nyemba za dzulo, kenako ndakhala pa kompyuta kulemba kalata yopita ku komiti. Ndapempha kuti kalasi ya zolemba zakale isatsekedwe, koma itsegulidwe madzulo kuti anthu a m'magulu a mbiri ya m'madera azilowa nawo pa mtengo wochepa. Chiwerengero chidzakwera, zimene komiti ikufuna, ndipo ophunzira anga adzakhala pambali pa anthu odziwa minda imene ikutchulidwa m'zikalatazo. Bambo wa njanji wanena kuti m'gulu lawo lokha muli angapo amene angalembetse, ndipo anditumizira mayina awo Loweruka. Kalatayo iyenera kukafika Lolemba lisanathe. Mawa m'mawa ndiionetsa kaye mnzanga wophunzitsa Chilatini kuti aikepo ndemanga zake, tisainire limodzi.