Ndikuphunzira uphunzitsi wa yoga kuno ku Joni

Abale anga amene mwakhala mukufunsa kuti ndasowera kuti ma weekend ano, ndili pa kosi. Ndikuphunzira kuti ndikhale mphunzitsi wa yoga, kosi ija amati ya maola 200, ndiye Loweruka ndi Lamlungu ndimadzuka kudakali mdima kukakwera taxi ya ku Randburg, mkati mwa sabata ndili kuntchito kwa abwana monga mwa nthawi zonse. Maola 200 amenewa ndi muyezo wa bungwe lina la ku America lotchedwa Yoga Alliance, masukulu ambiri kuno amatsatira omwewo kuti ukamaliza uthe kulembetsa ngati RYT 200, kutanthauza mphunzitsi wa yoga wolembetsedwa wa maola 200. Fizi yake ndi yowawa sindinama, ndikulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo kumudzi ndinawauza kale kuti chaka chino ndalama zizibwera zochepa.

Anthu amaganiza kuti timangokhalira kupinda thupi ndi kuima chadodolido. Ayi ndithu. Phunziro limene landigwira mtima kwambiri ndi la thupi la munthu, anatomy, chifukwa aphunzitsi akamafotokoza ine ndimangoona nkhope za anthu athu. Pansi pa msana pali mafupa asanu amene amanyamula katundu yense wa thupi lakumtunda, ndiye munthu akamawerama tsiku lonse miyendo ili chilili, kukolopa, kunyamula mwana wa abwana m'chiuno chimodzimodzi, kusita mulu wa zovala, ululu wonse umathera pamenepo. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ikauma imakoka chiuno ndipo msana ndi umene umavutika. Tangoganizani achimwene athu a m'ma garden ku Fourways ndi Sandton, kapena alonda amene amaima pa geti usiku wonse m'nyengo yozizira ya June, amayi athu aku Cosmo City ndi Diepsloot amene amangomwa Panado m'mawa uliwonse kenako nkupita kukagwira ntchito yomweyo. Zimandipweteka kwambiri kuti zinthu zimene zingawathandize, monga kupinda maondo ponyamula ndowa kapena kugona chagada mphindi khumi miyendo itatsamira khoma, zimaphunzitsidwa m'ma studio amene iwo amangolowamo kukasesa.

Komanso atiphunzitsa kusamala, ndipo apa aphunzitsi athu saseka. Munthu wa BP yokwera sumuika mutu pansi miyendo m'mwamba, chimodzimodzi wa vuto la maso lija la glaucoma. Mayi woyembekezera sagona chafufumimba ndipo sumupotoza mimba. Munthu akati apa pakubaya umamusiya pomwepo, ndipo ngati ululu ukutsika mpaka kumwendo kapena mwendo ukuchita dzanzi ameneyo apite kuchipatala kaye, ife si madokotala. Za kupuma nazonso, ukamatulutsa mpweya motalika kuposa mmene waukokera mtima umatsika liwiro, ine ndimachita zimenezi mu taxi pa renki ya Bree pakakhala chipwirikiti ndipo zimandigwirira ntchito.

Ndikudziwa funso limene ena muli nalo chifukwa amayi a ku Mvano anandifunsa maso ndi maso kuti mwana wanga, zimenezi si zopembedza mizimu ya ku India? Ndinawayankha moona mtima kuti yoga inachokeradi ku India ndipo mizu yake ili m'zikhulupiriro za kumeneko, zimenezo sindingabise. Timawerenga za Patanjali, mlembi wakalekale wa ku India, amene anagawa yoga m'magawo asanu ndi atatu, zolimbitsa thupi zimene amati asana ndi gawo limodzi chabe, loyambirira ndi la makhalidwe, osavulaza, osanama, osaba. Kusavulaza kumeneko, ahimsa, ndi kumene Gandhi ankagwiritsa, ndipo iyeyu anakhalapo konkuno, Tolstoy Farm yake ya 1910 ili kufupi ndi Lenasia. Kalasi ikamayimba mawu a Sanskrit, chiyankhulo chakale cha ku India, ine ndimakhala chete ndikupemphera mwanga, palibe amene anandikakamizapo. Amene mtima wake sukumulola ndimamulemekeza, sindimukoka.

Chimene chikundivuta panopa ndi kuphunzitsa kwenikweniko. Kuchita wekha nkosavuta, koma kuima kutsogolo nkumayankhula, uku ukuyang'ana bondo la uyu, phewa la uyo, uku ukuwerenga mpweya, ukukumbukira kuti mbali yakumanja tapanga kale, eee thukuta limatuluka ngakhale kukuzizira. Ndiye kuti ndipeze satifiketi ndikufunika kuyeserera pa anthu enieni, ndipo ndasankha kuti akhale anthu akwathu, m'Chichewa chathu.

Musadandaule za mat kapena zovala zodula zija. B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa yoga wa ku Pune ku India, ndi amene anatchukitsa kugwiritsa ntchito malamba, matabwa, mipando ndi mabulangete kuti ngakhale wokalamba kapena wodwala athe kupanga nawo, ndiye kwa ife chitenje chikwana kukhala lamba, thawulo lalikulu likhala mat, khoma lilipo kale. Tiziyamba Lamlungu masana mukaweruka kutchalitchi, ola limodzi basi, ulere. Bwerani mutavala zomasuka, musadye nsima yambiri musanabwere, ndipo ngati muli ndi BP, ndinu oyembekezera kapena munachitidwapo opaleshoni mundiuze pambali tisanayambe.