Nkhunda siziopa kuzizira kwa Mzuzu, zimaopa khola lotsekeka

Ikangofika June, m'mawa nkhungu itakuta Mzuzu yense, oweta nkhunda ambiri amayamba kukhoma masaka, makatoni ndi mapepala apulasitiki pa khola poopa kuti mbalame zifa ndi chisanu. Chifundo chimenechi ndicho chimadwalitsa nkhunda. Nkhunda yokhuta, ya nthenga zouma, kuzizira kwa kuno imakupirira bwinobwino. Zimene zimaigwetsa ndi chinyontho, mpweya wosayenda ndi fumbi.

Kuti mudziwe ngati khola lanu lili bwino, lowanimo m'mamawa musanazitulutse. Ngati fungo la zitosi likuboola mphuno mpaka maso kuyabwa, ndiye kuti amoniya, mpweya woipa wochokera m'zitosi, wachuluka, ndipo zimene inu mwamva kwa mphindi imodzi nkhunda zakhala zikupuma usiku wonse. Yang'anani kumalata: madontho akalendewera kunsi kwake, ndi nthunzi ya mpweya wa mbalame yomwe yasowa potulukira, yakhudza lata lozizira n'kusanduka madzi. Madziwo amagwera m'zisa ndi pansi. Pansi ponyowa ndi pomwe tizirombo ta coccidiosis (matenda a m'matumbo otsegula m'mimba) ndi mazira a njoka zam'mimba zimakhwimira. Nkhunda za m'khola lotere zimayamba kuyetsemula, maso kulengeza misozi, mphuno yomwe imayenera kukhala yoyera ngati choko n'kuda.

Makola akumudzi aja, a pamitengo ofolera udzu, vuto limeneli sakhala nalo kwenikweni chifukwa mphepo imadutsa ponseponse. Limabwera tikamanga la njerwa kapena la zigwagwa zothithikana n'kufolera malata, ngati tikumanga sitolo.

Mpweya uzilowera m'munsi n'kutulukira pamwamba, chifukwa wofunda umakwera wokha. Tiyerekeze khola la mamita 2 mulitali, 2 mulifupi, 2 kukwera. Denga likhale lopendekera mbali imodzi, kutsogolo kukwere masentimita 30 kuposa kumbuyo. Pakati pa khoma lakutsogolo ndi malata siyani mpata wa masentimita 10 kuyambira ngodya ina kukafika inzake. Potulukira ndi pamenepo, ndipo sipatsekedwa chaka chonse. Polowera pakhale masentimita 15 kapena 20 kuchokera pansi, kutsogolo ndi mbali ya kumadzulo. M'kati mwa polowerapo khomani thabwa lopendekera, kuti mphepo ikalowa iziyamba yawomba thabwalo, isamathamangire mbalame.

Kutsogolo kwa khola kuyang'ane kumpoto, kapena pakati pa kumpoto ndi kum'mawa. Miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, pomwe mphepo yozizira imachokera kumwera chakum'mawa. Choncho khoma lakumwera likhale lotseka ndithu, mipata ya pakati pa zigwagwa mutseke ndi timatabwa, ndipo zisa ndi mitengo yogonapo ziikidwe ku khoma limenelo. Apa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Mpweya woyenda pang'onopang'ono ndi wabwino, koma kamphepo kolowera pa mng'alu n'kumawomba nkhunda imodzi pamsana usiku wonse ndiko kamabweretsa chimfine. Mazenera awiri oyang'anizana pa msinkhu wa pogona mbalame musaike.

Mipata yonse itchingidwe ndi waya wa maso a mamilimita 12. Waya wa nkhuku wamba makoswe ang'ono ndi njoka zimapyola. Ena amawonjezera sefa wa udzudzu, poti udzudzu umafalitsa nthomba ya nkhunda. Si kulakwa, koma sefayo amatsekeka ndi fumbi msanga, ndiye mlungu uliwonse azipukutidwa ndi nsalu yonyowa. Malata atuluke masentimita 40 kapena 50 kunja kwa khoma chifukwa mvula ya kuno imabwera chopendekera, imachedwanso kusiya. Kunsi kwa malata khomani matabwa opyapyala kuti madontho aja asapangike, koma musatseke nawo mpata wotulukira. Mphasa ndi yotchipa, inde, koma imasunga fumbi ndi utitiri. Amene ali kumalo otsika, kufupi ndi madambo a Lunyangwa, khola alikweze pa mizati masentimita 60 kuti pansi pake pazidutsa mphepo.

Mukamaliza, yesani ndi utsi. Nkhunda zili panja, tsekani chitseko, yatsani koilo ya udzudzu, muiike pansi pafupi ndi polowera. Utsi uzikwera mwakachetechete n'kutuluka pamwamba. Ukamangozungulira m'kati, kulitsani potulukira. Ukathamanga chopingasa kulunjika ku zisa, pali mng'alu wofunika kutseka.

Khola la mamita 2 mbali zonse lija lisapitirire nkhunda 20. Nkhunda zimaswana msanga, mazira awiriawiri, ndipo mukapanda kuchotsa maunda, khola lomwe linali labwino mu March pofika August limakhala litadzaza. Zikapanikizana, ngakhale muboole mazenera angati fungo silichoka.

Tsopano fumbi. Mukagwira nkhunda yathanzi, m'manja mumatsala kaufa koyera. Kaufako kamachokera ku nthenga zake, kamathandiza kuti isanyowe, ndipo kamachuluka ikamathothoka nthenga. Kakasakanikirana ndi zitosi zouma zonyenyeka, kamakhala m'mwamba nthawi yaitali osatera. Kwa anthu ena kamatupitsa mapapo, matenda omwe madokotala amawatchula pigeon fancier's lung. Munthu amasesa khola m'mawa, patapita maola 4 mpaka 8 thupi litentha, kunjenjemera, chifuwa chouma, befu. Ambiri amangoti ndi malungo. Zikamabwerezabwereza tsiku losesa, pitani kuchipatala ndipo mukanene poyera kuti mumaweta nkhunda, chifukwa mapapo akawonongeka kwa zaka sabwerera mwakale. M'zitosi zouma mumakhalanso fangasi wa Cryptococcus, yemwe amayambitsa matenda oumitsa khosi kwa anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika. Munthu wotere, wodwala mphumu, komanso ana, ntchito yopala khola isawakhudze. Paja m'makomo ambiri ntchito imeneyi imagwera mwana wamng'ono.

Tsache louma lisalowe m'khola. Tulutsani mbalame, tsegulani chitseko, valani masiki ya N95 yogwira bwino pamphuno, chifukwa yansalu fumbi losalalali limadutsa. Wazani madzi pang'ono ndi botolo loboola pachivundikiro, ongokwanira kugoneka fumbi, osati kuchita matope. Kenako palani ndi chitsulo chophwatalala, muyambe mitengo yogonapo, zisa, pansi pomaliza. Mukamapala tsiku lililonse zitosi zisanaume, ndi ntchito ya mphindi 10 ndipo fumbi limachepa lokha. Chitani m'mawa kuti pofika madzulo pansi pakhale pouma gwa. Nthenga ndi akangaude a m'ngodya muchotse ndi nsalu yonyowa. Chovala cha kukhola chizikhala panja pa msomali wake, chisalowe m'chipinda chogona.

Utuchi umapezeka mosavuta kuno chifukwa cha macheka a matabwa a ku Chikangawa, koma wosalala ndi fumbi lokhalokha, ndipo ukanyowa umachita nkhungu. Ngati mukufuna choyala, tengani zopala za matabwa zikuluzikulu zouma, kapena mchenga wokhakhala wa kumtsinje wotsuka ndi kuyanika. Phulusa ndi laimu wouma musamwaze pansi. Laimu asungunulidwe m'madzi, apakidwe kumakoma kawiri pachaka, mbalame zibwerere atauma.

Chakudya nachonso chimabweretsa fumbi. Chimanga, mapira, nandolo ndi mpendadzuwa zipetedwe musanapereke, ndipo zonunkha chuku zitayidwe, chifukwa chukucho chimakamera m'mapapo a nkhunda. Kawiri pa mlungu, dzuwa likawala, ikani beseni la madzi akuya masentimita 6 panja pa khola kuti zisambe. Zikatha mudzaona pamwamba pa madziwo payera mbee ngati mwathiramo ufa. Thirani madziwo m'dzenje la manyowa pamodzi ndi zitosi, kutali ndi khitchini, mukwirire ndi dothi.