Pa bwato kuchokera ku Mangochi mpaka kumunsi kwa Malombe

Ife a kumapiri kuno ku Dedza kambuzi timamudziwa ali wouma, woyalidwa m'timilu pa msika wa Lizulu. Madzi amene amachokerako ambirife sitinawaonepo. Ndiye alamu anga amene amaphunzitsa ku Mangochi atandiuza kuti apangana ndi msodzi wina kuti atipalase kuchokera pomwe mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja ya Malawi mpaka kumunsi kwa nyanja ya Malombe, tikugona m'magombe, sindinazengereze. Amayi kunyumba anangogwira pakamwa nkuti, "Mngoni ndi madzi zinayamba liti?"

Ndinatsika ndi msewu wa Khwekhwelere, uja wochokera pa Masasa kukafika ku Golomoti. Ponyamuka ndinali nditavala juzi, pofika pa Golomoti inali ili m'chikwama. Mposadabwitsa: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita oposa 1,500, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita ngati 474 basi. Ndinatenga ufa, mchere, tenti, maneti a udzudzu ndi thumba la mbatata ya kachewere ya ku Bembeke. Alamu anandiseka nayo mbatatayo, koma m'magombe onse omwe tinagona ndi imene tinkasinthitsa ndi ndiwo.

Bwato wa m'nyanja yathuyi ndi mtengo umodzi wogobedwa m'kati, ndipo kukamwa kwake n'kopanikiza. Sulowamo n'kukhala pansi ayi. Umakhala pamilomo pake, miyendo ili m'kati, wina kutsogolo wina kumbuyo, katundu atakankhidwira m'mimba mwake. Wathu unali ndi zigamba za malata zokhomedwa ndi misomali ing'onoing'ono, ndipo madzi ankalowabe pang'onopang'ono. Mwini bwato, bambo wachiyao wa imvi za apo ndi apo, anandipatsa chigubu chodula pakati nati, "Achimwene a ku Dedza, nkhafi isiyeni, inu muzikapa madzi." Ntchito yanga inali imeneyo mpaka kumapeto.

Kuchokera pomwe Shire akuyambira kukafika ku Malombe ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo madzi amayenda mwaulesi. Tinadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma. Chapafupi pomwepo pali nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, komanso mfuti ya sitima ya Gwendolen, ija inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Izo ndinakaziona dzulo lake ndili pamtunda. Pa bwato maso anga anali pa bango basi.

Kumunsi kwa boma nyumba zimayamba kuchepa, bango ndi gumbwa n'kuchuluka. Apa mwini bwato anayamba kumagogoda mbali ya bwato ndi nkhafi, gu gu gu, n'kudikira. Mvuu ikamva phokosolo imatulutsa mutu kuti ione, inu n'kudziwa pomwe ili ndi mbali yolambalalira. Lamulo lake linali limodzi: osadutsa pakati pa mvuu ndi madzi akuya, poti ikadzidzimuka imathawira komweko ndipo chilichonse chili panjira chimagubuduzika. Inatulukadi imodzi, makutu pirikupiriku, n'kufwenthera madzi m'mwamba. Alamu amene anali akulongolola za mpira kuyambira m'mawa anati zii.

Kugona kulinso ndi mwambo wake. Sungofika pagombe n'kukhoma tenti. Umayamba wakaonekera kwa amfumu kapena kwa wapampando wa komiti ya pagombe, n'kunena kumene ukuchokera ndi kumene ukupita. Malo ogona anatisankhira okha, patali ndi kanjira kena koterera kotuluka m'bango, kokhala ndi mizere iwiri: njira ya mvuu zikamapita kukadya udzu usiku. Kusamba m'mphepete dzuwa litalowa anatiletseratu chifukwa cha ng'ona. Tinkatunga madzi mu ndowa n'kukasambira kumtunda, ndipo akumwa tinkatenga pa mjigo, poti madzi odekha a m'bango ngokhala nkhono za likodzo. Udzudzu wokha usiku umenewo unandikumbutsa ubwino wa kuzizira kwathu.

Malombe ndiye anandidabwitsa. Bango limangotseguka mwadzidzidzi, kutsogolo kuli madzi okhaokha otuwa, mapiri akuoneka patali kum'mawa. Kutalika kwake ndi makilomita ngati 30, koma ndi nyanja yosaya, moti malo ambiri nsungwi yaitali imagunda matope. Mwini bwato ananena kuti agogo ake ankalima pansi pomwe tinkayandamapo. Si nthano ayi. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri, Shire analeka kutuluka, ndipo Malombe anasanduka dambo la minda. Madzi atabwerera, mindayo inamira. Lero kuya kwake kumadaliranso baraji ya Kamuzu ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti izisunga madzi opangira magetsi ku Nkula.

Chambo ndinachifunafuna, koma chomwe chinadzaza m'matandala oyanikira ndi kambuzi. Akuluakulu a pagombe amakumbukira Malombe wa chambo chochuluka m'zaka za m'ma 1980, chomwe chinazimirira pofika kumayambiriro kwa m'ma 1990. Ndinaona ndi maso khoka la nkacha likugwira ntchito: maboti awiri a matabwa amazunguliza khokalo, mnyamata mmodzi n'kumira kukalimanga kunsi kwake, anzake n'kumakoka. Maso a khokalo ngang'onoang'ono kwabasi, kotero kasawala, ana a chambo, amakodwa limodzi ndi kambuzi. Makoka okokera pansi anazulanso udzu wa m'madzi momwe nsomba zinkabisala. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a pagombe kuno ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kuti asodzi azisungitsa okha malamulo. Ine kuona kwanga, n'kovuta kuuza mnyamata amene wamira m'matope m'bandakucha kuti abwezere m'madzi zomwe wakola, pamene ife ogula ku Lizulu sitifunsa kukula kwa nsomba, timangonenerera mtengo.

Chomwe chimalamula ulendo pa Malombe ndi mphepo. Tinkanyamuka nkhwazi zisanayambe kulira, n'kukocheza dzuwa lisanafike paliwombo, chifukwa masana mphepo imadzuka. Tsiku lina mwera unabuka ngakhale unali mwezi wa Seputembala, ndipo poti umachokera kummwera unkatiomba kumaso. Pa madzi osaya mafunde amakhala afupiafupi, otsatizana, olowa m'bwato mosapereka mpata wokapa. Mwini bwato sanafunse maganizo a munthu, anangokhotera kumtunda. Tinaswera pagombe lina la dera la Chimwala tikuonerera bawo, ine ndikukazinga mbatata, amayi ena atatipatsa mlamba wowamba. Adhana ya mumzikiti ndiyo inali wotchi yathu.

Kumunsi kwa nyanja, komwe Shire amatulukiranso, kumayamba malo osungira nyama a Liwonde, omwe anakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira mu 2015 akuyendetsedwa ndi a African Parks. Kumeneko sulowa ndi bwato wako popanda chilolezo, choncho tinakocheza kugombe la kumadzulo tisanafike m'malire. Mwini bwato tinamulipira ndi za ulendo wobwerera zomwe, poti iye anali ndi nyanja yonse ija yoti apalasenso yekha. Ife tinakwera kabaza mpaka pa Ulongwe, alamu n'kulowera ku Mangochi, ine minibasi ya ku Liwonde, kenako Balaka, Ntcheu, kwathu. Amene akufuna kudzayesa apewe miyezi ya Juni ndi Julaye pomwe mwera umakhala pachimake, atenge jekete yoyandamitsa poti asodzi alibe yobwereketsa, ndipo akabwerako apite kuchipatala akayezetse likodzo ndi malungo.