Kuwerenga makromozomu a kakombo wa m'tchire

Kakombo wa Lilium amabile, amene amamera m'mapiri a ku Korea, ali ndi makromozomu (tizingwe tonyamula majini, omwe ndi malangizo a chibadwa) 24 m'selo lililonse. Mbewu zina za mtundu womwewu zimakhala ndi owonjezera, otchedwa B, ndipo funso langa linali loti kodi owonjezerawa amasintha mmene majini ena akugwirira ntchito. Poyang'ana duwa simungadziwe kuti lili ndi B, choncho ndinayamba ndi kuwerenga.

Ndinadula nsonga za mizu yatsopano, yoyera, pansi pa anyezi wake, n'kuziviika mu mankhwala a colchicine kuti maselo aime ali pakati pogawikana. Kenako ndinaziika mu ethanol wosakaniza ndi acetic acid, magawo atatu kwa limodzi, n'kuzifewetsa mu hydrochloric acid pa madigiri 60, n'kuzipaka utoto wa Feulgen. Nsonga ikafiira mumaiika pa galasi, kuvindikira, n'kupsinja ndi chala chachikulu molunjika pansi. Chala chikangoterereka maselo amapakika, ntchito yonse n'kupita pachabe.

Ikayenda bwino, makromozomu a kakombo amasangalatsa kuona pa maikulosikopu chifukwa ndi aakulu zedi. Ndinkawerenga maselo angapo pa muzu uliwonse, popeza kromozomu yothyoka popsinja imanamiza ngati B. Apa sindilola kufulumira: pali gulu la mbewu zokhala ndi B ndi la zopanda B, ndipo mbewu ikalowa m'gulu lolakwika, zotsatira zonse zimanama.

Nditasiyanitsa magulu, ndinathyola masamba a msinkhu umodzi, pa ola limodzi, n'kuwaponya mu nayitirojeni wamadzi wozizira madigiri -196, chifukwa RNA sichedwa kuwonongeka. RNA ndiyo imasonyeza majini amene akugwira ntchito, komanso kuti akugwira mwamphamvu bwanji. DNA ya kakombo imaposa ya munthu kutali, motero tizidutswa ta RNA tinatilumikiza pa kompyuta kuchokera poyambira, osatsatira mapu a DNA yonse. Kafukufuku wa mu 2019 pa duwa lomweli anapeza kuti pamene pali B, majini ena okhudza kugawikana kwa maselo amagwira ntchito mosiyana.

Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe asayansi Motoo Kimura ndi Hiroshi Kayano analemba mu 1961 pa Lilium callosum wa ku Japan, kuti B amalowa m'selo la dzira la duwa kawirikawiri kuposa theka la nthawi, n'chifukwa chake satha m'tchire. Chondivuta kwambiri chinali chakuti akakombo a m'tchire amasiyana kale majini, ndiye ndinachulukitsa mbewu m'gulu lililonse kuti kusiyana kwa chibadwa ndisakunamizire B.