Ife timati ndi malungo, osadziwa

Dzulo ndinaperekeza amayi anga kuchipatala, miyezi yonseyi akhala akudandaula kuti usiku akumadzuka thukuta lili kamukamu mpaka kusintha malaya, mtima kugunda, tulo osabwera, ife tonse kumangoti ndi malungo kapena BP. Anesi atamva kuti ali ndi zaka 51 komanso msambo ukumadumphadumpha anangomwetulira nkuti mayi uku ndikusiya kusamba basi. Akuti mahomoni achikazi otchedwa estrogen akamachepa thupi limatentha chonchi, ndipo ambiri zimawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55. Chomwe chinandigwira mtima nchoti mukatha miyezi 12 osasamba kenako nkuonanso magazi, musamati msambo wabwerera ayi, thamangirani kuchipatala chifukwa nthawi zina imakhala khansa.

Ndiye ineyo anandikokeranso mkati kuti ndiyezetse khomo la chiberekero, zaka 34 zonsezi ndinali ndisanayezetsepo, manyazi eti. Koma abale mphindi zochepa zatha, kachitsulo koyezera kaja kuzizira kokha basi. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, imakula mwakachetechete kwa zaka zambiri iwe osamva kupweteka kulikonse, nchifukwa chake a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati tiyambe kuyezetsa pa zaka 30, amene ali ndi HIV pa 25. Atsikana a zaka 9 mpaka 14 kuli katemera wake, mwana wanga wa zaka 11 uja ndikupita naye sabata ya mawa, alire asalire.

Amayi pobwerera anangoti bola si ufiti, tinaseka njira yonse.